Ibn al-Banna wa ku Marrakesh: mwana wa mmisiri womanga amene adaphunzitsa masamu a kugawa

Kuno ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, nyengo yogulitsa mtedza ndi soya ikafika timaona chinthu chimodzi chaka ndi chaka. Mlimi waima pa sikelo, venda akudina manambala pa foni, ndipo zimene yanena foniyo ndi zomwezo. Mlimi sangatsutse, ngakhale mwana wake wa Fomu 2 amene wamuperekeza sangatsutsenso. Kwanu kunyanja, ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, tikudziwa kuti nkhani ndi yomweyi pamene alovi akugawana ndalama za usipa m'mawa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwanayo adaphunzira kale kusukulu njira zodziwira ngati nambala ikugawika popanda chotsala, koma adaziloweza m'Chingerezi kuti akhoze mayeso, mayeso atatha n'kuzisiya komweko. Lero tikufuna tikuuzeni mbiri ya munthu wina wa muno mu Afrika amene adalemba njira zimenezi zaka zoposa 700 zapitazo, ndipo kwa iye zinali zida zogwirira ntchito.

Dzina lawo lonse ndi Abu al-Abbas Ahmad ibn Muhammad ibn Uthman al-Azdi, koma amadziwika ndi dzina loti Ibn al-Banna, kutanthauza mwana wa mmisiri womanga nyumba, poti imeneyo ndiyo inali ntchito ya bambo awo. Adabadwira mumzinda wa Marrakesh, m'dziko limene lero timalitcha Morocco, m'chaka cha 1256, chomwe pa kalendala ya Hijri ndi 654. Mzindawu unali likulu la ufumu wa Almohad, ndipo mzikiti waukulu wa Koutoubia, umene dzina lake lidachokera kwa ogulitsa mabuku amene ankakhala pafupi nawo, unali utamangidwa kale. Koma ufumuwo unali ukugwa. M'chaka cha 1269, iwo ali ndi zaka 12, ankhondo a banja la Marinid adalanda Marrakesh, ndipo likulu la dziko lidakhala Fez. Choncho adakulira mumzinda umene unali utangotaya ufumu, koma aphunzitsi ake ndi mabuku ake zidalipobe.

Maphunziro awo adayamba monga amayambira ana athu a kumadrasa: Qur'an, chilankhulo cha Chiarabu ndi malamulo ake, Hadith ndi Fiqh. Kenako adawonjezera masamu, buku la Euclid la miyeso ya mizere ndi makona, ndiponso maphunziro a kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Adakhalanso wophunzira wa Sheikh Abd al-Rahman al-Hazmiri wa ku Aghmat, tauni ya pafupi ndi Marrakesh m'munsi mwa mapiri a Atlas. Ife amene timaphunzitsa kusekondale m'mawa ndi kumadrasa masana timamva kawirikawiri makolo akufunsa kuti mwana alimbikire kuti pakati pa ziwirizi. Pa nthawi ya Ibn al-Banna funso limeneli likadamveka lachilendo, chifukwa munthu mmodzi yemweyo adalemba buku la kalembedwe ka malemba a mu Mus'haf lotchedwa Unwan al-Dalil, buku la luso la kulankhula lotchedwa al-Rawd al-Mari, ndi buku la matebulo a zakuthambo lotchedwa Minhaj al-Talib. Zolemba zawo zonse zimawerengedwa m'makumi ambiri. Ntchito yawo yeniyeni inali uphunzitsi, ku Marrakesh makamaka, ngakhale ankafikanso ku Fez.

Mwa zolemba zonsezo, chimene chidapita kutali ndi kabuku kakang'ono kotchedwa Talkhis a'mal al-hisab, kutanthauza chidule cha ntchito za kuwerengera, komwe kadalembedwa cha m'ma 1300. Tinene poyera kuti njira za m'kabukuka sadazitulukire iwo. Ambiri amene amalemba za akatswiri achisilamu amakonda kunena kuti uyu ndiye adayamba chakuti, ndipo nthawi zina amawonjezera. Njira yoyesera ndi 9 inkadziwika kale ku India ndi ku Baghdad. Ku Maghreb komweko kunali katswiri wa m'zaka za m'ma 1100 dzina lake al-Hassar, amene m'buku lake timapeza kamzere kolekanitsa nambala ya pamwamba ndi ya pansi polemba magawo, kamene ana athu amalemba mpaka lero. Ngakhale Leonardo Fibonacci wa ku Pisa, amene adaphunzira masamu ku Bugia m'dziko la Algeria, adalemba zoyesera manambala m'buku lake la 1202, Ibn al-Banna asanabadwe. Chimene iwo adachita ndi kusonkhanitsa, kusanja bwino, ndi kufupikitsa kuti wophunzira athe kusunga zonse pamtima. Ndipo manambala amene ankagwiritsidwa ntchito ku Maghreb, otchedwa ghubar, kutanthauza fumbi, ndiwo makolo a 1, 2, 3 amene timalemba kusukulu. Amene ana amawaona pa masamba a Mus'haf ndi abale awo a kum'mawa.

M'kabukuka muli gawo la ntchito yotchedwa tarh, kutanthauza kutaya. Munthu amatenga nambala n'kumataya ma 9, kapena ma 8, kapena ma 7, mpaka aone chotsala. Ngati palibe chotsala, nambalayo ikugawika. Tiyeni tiyese ndi nambala imodzi. Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi yasonkhanitsa mtedza wolemera makilogalamu 1,596.

Kutaya ma 9 ndiye kosavuta. Phatikizani manambala onse monga alili: 1 ndi 5 ndi 9 ndi 6 akwana 21. Mukataya ma 9 awiri mu 21 patsala 3. Ndiye kuti alimi 9 akagawana mtedzawu patsala makilogalamu 3. Koma poti 21 imagawika ndi 3, alimi atatu angagawane bwinobwino, aliyense makilogalamu 532. Ana ambiri amaidziwa njirayi, koma tikawafunsa chifukwa chake imagwira ntchito amangoyang'anana. Chifukwa chake ndi ichi: 10 ndi 9 kuwonjezera 1, 100 ndi 99 kuwonjezera 1, ndipo 1,000 ndi 999 kuwonjezera 1. Choncho khumi lililonse, zana lililonse ndi chikwi chilichonse, mukatayamo ma 9, chimasiya 1 basi. Mazana asanu asiya 5, makumi asanu ndi anayi asiya 9. Kuphatikiza manambala kuja ndi kusonkhanitsa zotsala zimenezi.

Mwana akamvetsa zimenezo, za 8 amatha kuzipeza yekha. Chikwi ndi ma 8 okwana 125 ndendende, choncho zikwi zonse ndi zoposera apo zimatayidwa osaziyang'ana n'komwe. Nayenso 200 ndi ma 8 okwana 25, choncho mazana akakhala awiriawiri amatayidwa, koma likatsala zana limodzi lopanda linzake limasiya 4. Khumi lililonse limasiya 2. Mu 1,596 titaya chikwi. Mazana ndi asanu, ndiye limodzi latsala lokha, tisunga 4. Makumi ndi 9, kuchulukitsa ndi 2 ndi 18. Tiwonjezera 6 wa kumapeto. Zonse pamodzi ndi 28, ndipo tikataya ma 8 atatu patsala 4. Anthu 8 sangagawane mtedzawu popanda makilogalamu 4 otsala.

Pa 7 m'pamene timaona kuti anthu akale aja ankaganiza mozama. Mabuku ambiri a kusukulu amapereka njira za 2, 3, 4, 5, 6, 8, 9 ndi 10, koma 7 amangoidumpha ngati minga. Ku Maghreb sankaidumpha. Mukataya ma 7, chimodzi chimasiya 1, khumi limasiya 3, zana limasiya 2, chikwi chimasiya 6, zikwi khumi zimasiya 4, zikwi zana zimasiya 5, ndipo pa miliyoni zimayambiranso pa 1. Mndandanda wake ndi 1, 3, 2, 6, 4, 5, ndipo ophunzira ankausunga ndi zilembo za abjad zoimira manambalawo: alif, jim, ba, waw, dal ndi ha. Pa 1,596 tiyamba kumanja. 6 kuchulukitsa ndi 1 ndi 6. 9 kuchulukitsa ndi 3 ndi 27. 5 kuchulukitsa ndi 2 ndi 10. 1 kuchulukitsa ndi 6 ndi 6. Zonse pamodzi ndi 49, yomwe ndi ma 7 okwana 7, palibe chotsala. Alimi 7 agawana makilogalamu 228 aliyense. Ilipo njira ina yoyambira kumanzere imene ife timaikonda chifukwa sifuna kuloweza mndandanda: chulukitsani nambala yoyamba ndi 3, wonjezerani yotsatira, tayani ma 7, n'kubwerezanso. 1 katatu ndi 3, kuwonjezera 5 ndi 8, patsala 1. 1 katatu kuwonjezera 9 ndi 12, patsala 5. 5 katatu kuwonjezera 6 ndi 21, palibe chotsala. M'zaka za m'ma 1650, Blaise Pascal wa ku France adalemba lamulo limodzi lokhudza nambala iliyonse yogawira, ndipo maziko ake ndi omwewa a zotsala za khumi, zana ndi chikwi.

Nanga ankavutikiranji nazo? Chifukwa choyamba ndi kuyesa ngati ntchito yawerengedwa bwino, ndipo apa m'pamene mlimi wa pa sikelo uja angapeze thandizo. Tiyerekeze matumba 37, thumba lililonse pa mtengo wa K48,000. Tisiye kaye ziro zitatuzo. 37 kuchulukitsa ndi 48 ndi 1,776. Kuti titsimikize, 37 ikatayidwa ma 9 isiya 1, 48 isiya 3, ndipo 1 kuchulukitsa ndi 3 ndi 3. Yankho nalo liyenera kusiya 3. Mu 1,776 manambala akwana 21, patsala 3, zagwirizana. Wina akadanena kuti 1,786, manambala akadakwana 22, patsala 4, ndipo mukadadziwa nthawi yomweyo kuti chala chaphonya penapake. Koma 9 ili ndi khungu pa chinthu chimodzi. Wina akasinthanitsa manambala n'kulemba 1,767, kuphatikiza kwake ndi 21 yemweyo, ndipo 9 ivomereza cholakwacho. Apa 7 ndiyo imagwira. 37 isiya 2, 48 isiya 6, 2 kuchulukitsa ndi 6 ndi 12, patsala 5. Nambala yoona, 1,776, imasiyadi 5, pamene 1,767 imasiya 3. Kusiyana kwa manambala awiriwa, tikabwezera ziro zija, ndi K9,000. N'chifukwa chake kukhala ndi zoyesera zingapo kunali kofunika. Tikuchenjezeni kuti zotsala zikasiyana ndiye kuti palakwikadi, koma zikagwirizana sizikutsimikiza kotheratu kuti zonse zili bwino.

Chifukwa chachiwiri ndi kagawidwe kawo. Akafuna kugawa ndi nambala yaikulu, ankayamba aiphwanya kuti apeze manambala ang'onoang'ono amene amaipanga, n'kumagawa ndi amenewo limodzilimodzi. Pamenepa munthu amafunika kudziwa msanga ngati nambala ikugawika ndi 9, 8, 7 kapena ina, komanso kudziwa nthawi yosiyira kufufuza. Ibn al-Banna adafotokoza za sefa ya Eratosthenes yopezera manambala osagawika, ndipo amakumbukiridwa pa mfundo yakuti sikofunika kuyesa manambala onse. Mukafika pa nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupitirira imene mukuyesayo, siyani. Pa 167, mwachitsanzo, yesani 2, 3, 5, 7 ndi 11 basi, poti 13 kuchulukitsa ndi 13 ndi 169, yapitirira kale. Palibe imene ikugawa 167, choncho ndi nambala yosagawika.

Tsopano tifike pa nkhani imene imakhudza khomo lililonse, ya chuma cha masiye. Magawo a mirathi adakhazikitsidwa mu Surah An-Nisa, makamaka ma aya 11, 12 ndi 176, ndipo ndi asanu ndi limodzi: theka, gawo limodzi mwa 4, limodzi mwa 8, awiri mwa 3, limodzi mwa 3, ndi limodzi mwa 6. Akatswiri a faraid amayamba ndi kupeza nambala imodzi imene magawo onse a pa mlanduwo angatulukemo popanda chotsala, ndipo manambala oterowo ndi 2, 3, 4, 6, 8, 12 ndi 24. Ichi n'chifukwa china chimene masamu a kugawa ankaphunzitsidwa limodzi ndi Fiqh, ndipo kabuku ngati Talkhis kankafunidwa ndi oweruza ndi olemba zikalata, osati amalonda okha.

Tiyerekeze kuti bambo wamwalira n'kusiya mkazi, mayi ake omubereka, ana aamuna awiri ndi ana aakazi atatu. Ngongole zabwezedwa, wasiya wakwaniritsidwa, patsala K840,000. Mkazi alandira gawo limodzi mwa 8, mayi gawo limodzi mwa 6. Nambala yaing'ono yogawika ndi 8 komanso ndi 6 ndi 24. Mkazi atenga 3, mayi atenga 4, patsala 17 za ana. Mwana wamwamuna amawerengedwa magawo awiri, wamkazi limodzi, ndiye onse pamodzi ndi 7. Koma 17 sigawika ndi 7. Pamenepa timachulukitsa zonse ndi 7, ndipo 24 ikhala 168. Mkazi ali ndi 21, mayi 28, mwana wamkazi aliyense 17, wamwamuna aliyense 34. Mukaphatikiza zikwana 168.

Kugawa 840,000 ndi 168 pamtima kukuoneka ngati phiri, koma chitani monga ankachitira ku Marrakesh. 168 ndi 8 kuchulukitsa ndi 7 kuchulukitsa ndi 3. Kodi 840,000 ikugawika ndi 8? Inde, poti ndi zikwi zokhazokha. Ndi 3? Inde, 8 ndi 4 akwana 12. Ndi 7? Inde, poti 84 ndi ma 7 okwana 12. Gawani ndi 8, mupeza 105,000. Gawani imeneyo ndi 7, mupeza 15,000. Gawani ndi 3, mupeza 5,000. Ndiye kuti gawo lililonse ndi K5,000. Mkazi alandira K105,000, mayi K140,000, ana aakazi K85,000 aliyense, ana aamuna K170,000 aliyense. Palibe tambala lotsala.

Takhalapo pa zokambirana za mirathi zingapo, ndipo zimene taona n'zakuti mkangano nthawi zambiri suyamba chifukwa anthu akukana lamulo. Umayamba chifukwa munthu mmodzi yekha ndiye wagwira cholembera, ena onse akungomva manambala akutchulidwa, ndipo mayi wamasiye akubwerera kunyumba ali ndi chikaiko chimene sangathe kuchifotokoza. Pakhomo pakakhala mtsikana mmodzi wa Sitandade 8 wotha kunena kuti gawo limodzi mwa 8 la K840,000 ndi K105,000, zokambirana zimayenda mosiyana. Chitsanzo tapereka apachi ndi chophweka. Milandu ina ya mirathi imakhala yopiringizika, ndipo imafuna sheikh amene adaphunzira faraid. Kumbukiraninso kuti dziko lino lili ndi lamulo lake la chuma cha masiye la 2011, choncho amene akufuna kuti chuma chake chidzagawidwe motsatira Shariah achite bwino kufunsa odziwa malamulo za kalembedwe ka wilo akadali moyo.

Tibwerere kwa mwini mbiri. Kabuku kaja kanali kachidule kwambiri, malamulo okhaokha, moti wophunzira wopanda mphunzitsi sakadapita nako patali. Iwo eni adalemba buku lachiwiri lotchedwa Raf' al-hijab, kutanthauza kuvundukula chophimba, lofotokoza zifukwa zimene malamulowo amagwirira ntchito. Wophunzira wawo wina, Abd al-Aziz al-Hawari, adalemba buku lomasulira Talkhis lodzaza ndi zitsanzo za manambala, aphunzitsi akewo akadali moyo. Wophunzira winanso, al-Abili, adadzakhala mphunzitsi wa Ibn Khaldun, wolemba mbiri wotchuka uja. M'buku lake la Muqaddimah, limene adalemba mu 1377, Ibn Khaldun adatchula mabuku awiri onsewa, ndipo Raf' al-hijab adaliyamikira ngakhale adaliona kuti ndi lovuta kwa oyamba kumene. M'buku lomwelo adadandaulanso ndi chizolowezi chophunzitsa ndi mabuku achidule, poona kuti amalemetsa mutu wa wophunzira ndi mawu opanikizana asanamvetse nkhani yake.

Pa dandaulo limeneli ife tili mbali ya Ibn Khaldun, ndipo tikudziloza tokha chala. Kwa zaka zingapo tinkalemba malamulo a kugawika pa bolodi, ana n'kukopera, n'kuimba pamodzi, ife n'kumaona ngati taphunzitsa. Tsiku lina mnyamata wina adafunsa chifukwa chake kuphatikiza manambala kumagwira pa 9 koma osagwira pa 8, ndipo tidamuyankha kuti ndi lamulo basi. Yankho limenelo linali laulesi. Kuyambira pamenepo timayamba ndi 99 kuwonjezera 1, lamulo n'kubwera pambuyo. Ibn al-Banna adaona kufunika kolemba buku lachiwiri la zifukwa, ndipo tikuganiza kuti popanda ilo ndi zomasulira za ophunzira awo, kabuku koyamba kaja kakadangokhala nyimbo yoloweza.

Adamwalira ku Marrakesh m'chaka cha 1321, chomwe ndi 721 pa Hijri, ali ndi zaka 64. Allah awachitire chifundo. Kabuku kawo kadapitiriza kuphunzitsidwa kumpoto kwa Afrika kwa zaka mazana angapo. Ibn Qunfudh wa ku Constantine adakamasulira, Ibn al-Majdi wa ku Cairo naye adatero, chimodzimodzinso al-Qalasadi wa ku Andalus amene adamwalira ku Tunisia mu 1486. M'zaka za m'ma 1860 Aristide Marre adakatanthauzira m'Chifalansa, ndipo mu 1969 Mohamed Souissi adakasindikiza ku Tunis m'Chiarabu ndi m'Chifalansa.

Ana a kumadrasa kwathu sabata ino tawapatsa nambala 2,520 kuti akaiyese kunyumba ndi manambala onse kuyambira 2 mpaka 10, popanda foni, ndipo pa 7 agwiritse ntchito njira zonse ziwiri. Inunso muwapatse anu ikatha swala ya Maghrib, ndipo akamaliza muwafunse ngati angapeze nambala ina yochepera 2,520 imene ingachite zomwezo.